Ngati vidiyo ikunama, nanga za kuuka kwa Yesu ndizikhulupirire bwanji?

FUNSO: Abambo, ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakonza mafoni pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu. Mwezi watha mayi anga ananditumizira vidiyo pa WhatsApp yoonetsa angelo ataima m'mitambo, anthu pansi atagwada akulira. Iwo anakondwa kwambiri mpaka anaigawira amayi anzawo a Umanyano. Ine nditaionetsetsa ndinapeza kuti mayi wina m'vidiyomo ali ndi zala zisanu ndi chimodzi, ndiye kuti ndi yopangidwa ndi AI, pulogalamu ya pakompyuta yotha kupeka zithunzi ndi mavidiyo. Chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika. Ngati chinthu choona ndi maso chinganame chonchi, nanga kuuka kwa Yesu komwe kulibe ngakhale chithunzi? Abusa ndikuopa kuwafunsa, angati ndalowerera.
Mnyamata wa ku Chiputula

YANKHO: Mwanawe, sunalowerere. Maso ako agwira ntchito yake, ndipo ndikanakonda akhristu ambiri a mu Mzuzu muno akanamawerenga zala asanatumize vidiyo.

Anapusitsidwapo si mayi ako okha. Mu Malichi 2023 dziko lonse linagawana chithunzi cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma, longa lomwe timalilakalaka kuno mu Juni kukazizira. Chinali chopangidwa ndi pulogalamu yotchedwa Midjourney. Patangopita miyezi iwiri kunatulukanso chithunzi chabodza cha utsi pafupi ndi Pentagon, likulu la asilikali ku America, ndipo mitengo ya masheya inatsika kwa kanthawi. Bodza lina silifuna n'komwe kompyuta. Mu 2019 ku Johannesburg kunajambulidwa vidiyo ya munthu akudzuka m'bokosi la maliro pamaso pa mpingo. Kamera inajambula zomwe inaona, koma makampani a zamaliro omwe galimoto ndi bokosi zinachokera anadandaula poyera kuti ananamizidwa.

Ndiye tamvera. Chithunzi sichilankhula chokha. Kumbuyo kwake kuli munthu amene akukuuza kuti "izi zinachitika", ndipo amene ukumukhulupirira ndi munthuyo. Vidiyo ya angelo ija anajambula ndani? Kuti? Tsiku liti? Mwa ogwada aja alipo amene tingamutchule dzina n'kupita kukamufunsa? Palibe. Ndi umboni wopanda mboni, ndipo ngakhale kwa amfumu mlandu suzengedwa chotero. Lamulo la pa Deuteronomo 19:15 limafuna mboni ziwiri kapena zitatu.

Tsopano tsegula 1 Akorinto 15. Paulo analemba kalatayi cha m'ma 55, patangopita zaka pafupifupi 25 Yesu atapachikidwa, ndipo akunena kuti akupereka zomwe iyenso analandira kwa ena. Akutchula amene anaona Yesu atauka: Kefa (Petro), ophunzira khumi ndi awiri aja, Yakobo, ndi abale oposa 500, n'kuwonjezera kuti ambiri a iwo akadali moyo. Munthu wopeka nkhani satchula mboni zamoyo, chifukwa amadziwa kuti wina akhoza kunyamuka kukazifunsa. Palinso ichi chomwe chimandigwira mtima nthawi zonse: Mauthenga onse anayi amati oyamba kufika kumanda anali amayi, m'nthawi yomwe mawu a mayi sankawerengedwa kwenikweni pa milandu. Wofuna kuti bodza lake ligwire akanaika amuna otchuka patsogolo. Funsanso kuti mbonizo zinapindula chiyani. Wopanga vidiyo yabodza amafuna omutsatira pa Facebook kapena chopereka. Yakobo mbale wa Yohane anaphedwa ndi lupanga (Machitidwe 12:2), ndipo Josephus, Myuda wolemba mbiri yemwe sanali mkhristu, analemba kuti Yakobo mbale wa Yesu anaweruzidwa kuti aponyedwe miyala, cha m'chaka cha 62. Tacitus wa ku Roma, yemwe ankanyansidwa ndi akhristu, naye analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato, Tiberiyo ali mfumu.

Sindikunamiza kuti izi zikutseka pakamwa aliyense. Kufera chinthu kumaonetsa kuti munthu ankachikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo alipo ophunzira ena amene amawerenga zonsezi n'kukanabe kuti Yesu anauka. Ine ndimakhulupirira, ndipo chifukwa changa ndi mboni zimenezi, zamaina, zimene zinalipira ndi magazi. Koma ndikufuna uone kuti chikhulupiriro chathu sichinatsamirepo pa chithunzi. Ngakhale nsalu ya ku Turin, yomwe ena amati anakulungamo mtembo wa Ambuye, itayezedwa mu 1988 ku Oxford, Zurich ndi Arizona, zotsatira zinaloza zaka za pakati pa 1260 ndi 1390. Ena akutsutsabe zotsatirazo, koma mpingo sunagwe, chifukwa sunamangidwe pa nsalu.

Kuona nako sikuthetsa kukayika. Mateyu 28:17 amati ophunzira atamuona Yesu pa phiri anamulambira, koma ena anakayika. Anali pomwepo, maso ali yuu! Amatsenga a Farao nawo anasandutsa ndodo kukhala njoka anthu akuona. Tomasi timamunena kwambiri pa gome, koma taona mmene Yesu anamuchitira pa Yohane 20. Sanamupirikitse. Anamuonetsa manja ndi nthiti. Tomasi anakhala sabata yathunthu akukayika ali pakati pa anzake, osathawa mpingo, ndipo yankho linamupeza momwemo. Iwenso usabise funso lako. Pita kwa abusa kapena mkulu wa mpingo amene umamasuka naye. Akakukalipira, funa wina, chifukwa funsoli ana athu ambiri ali nalo.

Chondiwawa ine n'chakuti mavidiyo oterewa akufalitsidwa ndi ife eni ake, tikuyesa tikutumikira Mulungu. Mulungu safuna kuthandizidwa ndi bodza. Vidiyo yabodza iliyonse ikaululika, mnyamata wina ngati iwe amayamba kukayikira ndi zoona zomwe, ndipo mlandu umenewo uli pa ife otumiza.

Za mayi ako, usawayankhe pa gulu, ungawachititse manyazi pamaso pa anzawo. Pita kunyumba, khala nawo pansi, uimitse vidiyoyo pamene pali dzanja lija, awerenge zala okha. Uwaonetsenso mmene Google Lens imafufuzira komwe chithunzi chinayambira. Kenako uwapemphe kuti china chikabwera azikutumizira iwe kaye asanagawire amayi a Umanyano, poti mafoni ndiye ntchito yako.