Sikani yaonetsa chotupa pa mwana ali m'mimba, kodi ndi khansa?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, akuti ali ndi pakati pa miyezi 6 ndipo kusikani awauza kuti mwana ali ndi chotupa kumatako, kunsi kwa msana. Akufunsa ngati ili khansa komanso ngati makinawo sangalakwitse.

Achemwali pepani kwambiri, ndikudziwa kuti tulo simukupeza. Chotupa cha pamalo amenewo nthawi zambiri chimakhala sacrococcygeal teratoma, chimagwira mwana mmodzi pa ana 35,000 mpaka 40,000 obadwa, makamaka atsikana, ndipo zambiri pobadwa sizikhala khansa ayi. Koma sikani payokha siingatsimikize zimenezo, amatsimikiza ndi a ku labotale akachiyeza chikachotsedwa. Komanso spina bifida, vuto lija loti msana sunatsekeke bwino, imatha kuoneka mofanana nde kuunikidwanso ndi munthu wozolowera ntchitoyi nkofunika zedi.

Chomwe ine ndikufuna mumvetse ndi ichi, panopa nkhani yaikulu si dzina la chotupacho koma magazi omwe chikukoka. Adokotala amaona ngati mkati muli madzi okhaokha kapena ncholimba, kenako amayatsa Doppler, pa sikilini pamabwera timizere tofiira ndi tabuluu, ameneyo ndi magazi akuyenda m'mitsempha. Cholimba cha mitsempha yambiri chimalemetsa kamtima ka mwana, kamapopa mpaka kutopa, mwana nkuyamba kutupa madzi, nchifukwa chake azikuitanani pafupipafupi kuti aziyeza kukula kwake ndi mtimawo, chonde musadumphe tsiku olo limodzi. Sikani ya mtundu wina yotchedwa MRI ikapezeka imaonetsa bwino ngati chotupacho chalowa mkati mwa chiuno, ndipo ilibe cheza choopsa ngati cha X-ray kapena CT.

Chikaposa masentimita 5 nthawi zambiri amasankha kuti muchire pa opaleshoni poopa kuti chingang'ambike nkutaya magazi. Mwana akabadwa amachichotsa pamodzi ndi kafupa ka kumapeto kwa msana, kakatsala chotupa chimatha kubwerera, kenako kwa zaka zingapo amamuyeza magazi kuti aone AFP, chizindikiro cha m'magazi chomwe chimatha kukwera chotupa chikabwerera.

Ndiye kambani ndi adokotala anu panopa za kochirira, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu komwe kuli madokotala a opaleshoni ya ana, monga ku Queens ku Blantyre komwe kuli chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James. Ndipo mimba ikayamba kukula mwachangu, mukatupa nkhope ndi manja, mutu ukamawawa kwambiri kapena mwana akachepetsa kusewera, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira la sikelo.