Kodi zipatso za blueberry zimachiritsa matenda a shuga?

Mwafunsa ngati ndi zoona kuti zipatso za blueberry zimachiritsa matenda a shuga, komanso ngati kuli koyenera kuwagulira mayi anu ngakhale zili zodula. Kuchiritsa sizichiritsa, choncho mayi asasiye mankhwala amene amalandira kuchipatala, koma akhoza kudya zipatsozi mopanda mantha malinga ngati sakupyola muyeso.

Mu magalamu 100 a zipatsozi muli makalori 57, shuga wokwana pafupifupi magalamu 10, ndi fiber (mbali ya chakudya imene sigayika m'mimba) wokwana magalamu 2.4, amene amathandiza kuti shuga asalowe m'magazi mofulumira. Mtundu wabuluu wa khungu lake, uja umatsalira pa zala ndi pa lilime mukadya, umachokera ku anthocyanin, michere yachilengedwe imene imapatsa zomera zina mtundu, ndipo mbiri yabwino ya chipatsochi yagona pamenepo. Kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya Harvard ku America wa mu 2013 anapeza kuti anthu amene ankadya zipatsozi kawirikawiri sankadwala kwambiri shuga wa mtundu wachiwiri, pamene okonda kumwa juwisi wa zipatso ankadwala mochulukirapo. Dziwani kuti kafukufukuyo ankaona za kupewa matendawa, osati kuchiza munthu amene wadwala kale.

Pa nkhani ya vitamini C, ine sindingawononge ndalama zanga, chifukwa blueberry ali ndi mamiligalamu pafupifupi 10 okha, pamene gwafa wapakhomo amapitirira 200 pa muyeso womwewo.

Ngati mayi amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe afunsa dokotala, popeza vitamini K wa m'zipatsozi amakhudza kagwiridwe ntchito ka mankhwalawo.