Zomera za pamwamba pa phiri la Mulanje zinachokera kuti?

Aphunzitsi ena a ku Chitakale atilembera pa imelo. Akuti anakwera ndi ana asukulu kuchoka pa Likhubula mpaka ku Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo ana anadabwa kuona masuku ndi mombo zikuthera m'njira, pamwamba n'kupezako zomera zachilendo. Funso lawo nali: "Kodi zimenezi anadzala ndi azungu? Nanga mkungudza nditadzala kwathu kuno ungakule?"

Aphunzitsi, chimene chinadzalidwa ndi paini uja mwamuona ku Chambe, wotchedwa Pinus patula, kwawo ku Mexico. Zambiri mwa zotsalazo zinafika zokha kalekale, ndipo zina sizinachokere m'tsinde mwa phiri. Abale a zomera zimenezi ali kutali.

Chimene chimaletsa masuku kukwera ndi kuzizira. Mukakwera mamita 100 alionse, kutentha kumatsika ndi theka la digiri kapena kuposerako pang'ono, choncho pofika pa mamita 2,000 pomwe pali madambo a Lichenya ndi Chambe, mwasiyana ndi Chitakale ndi madigiri pafupifupi 8. Ku Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili, pa mamita 3,002, madzi amaundana usiku mu June ndi July. Onjezanipo nkhungu ya chiperoni imene imanyowetsa masamba ngakhale m'chilimwe. Pamwambapo pali ngati chilumba chozizira pakati pa nyanja yotentha, ndipo mwa mitundu ya zomera yoposa 1,300 ya m'phirili, pafupifupi 70 sipezeka kwina kulikonse padziko.

Gulu limodzi linachokera kum'mwera. Mkungudza weniweni, Widdringtonia whytei, uli ndi abale atatu okha. Awiri amamera ku South Africa basi, wina m'mapiri a Cederberg, wina ku Baviaanskloof. Wachitatu, Widdringtonia nodiflora, wandanda kuchokera ku Cape, kum'mwera kwa South Africa, kudzera m'mapiri a Drakensberg ndi a kum'mawa kwa Zimbabwe, mpaka kuno. Mzerewo ndiyo njira. Maluwa apansi a Disa ndi zomera zonga mlulu za banja la Restionaceae zinadzera momwemo, phiri ndi phiri. Gulu lina linatsika kuchokera kumpoto, kumaiko ozizira a Ulaya ndi Asia, kudzera ku Ethiopia: Alchemilla, Ranunculus ndi Carex za m'madambo. Mtengo wa Juniperus procera unadzera njira yakumpotoyo, koma m'Malawi muno mukaupeza ku Nyika.

Mbewu zina zinauluka ndi mphepo, zina zinanyamulidwa ndi mbalame. Komanso nyengo zozizira zakale, monga ya zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, zinkatsitsa zomerazi m'munsi, zomera za mapiri osiyana n'kuyandikirana. Kutatenthanso zinabwerera pamwamba, chilichonse n'kumasinthira pachokha. Mukaona m'mabuku zomera zazikulu za Dendrosenecio za ku Kilimanjaro ndi Mount Kenya, musavutike kuzifuna ku Sapitwa. Zimenezo ndi za mapiri a kum'mawa kwa Africa okha.

Tsopano za kudzala, pomwe ambiri amatayira ndalama. Choyamba tsimikizani mtengo. Anthu amatcha mkungudza ngakhale saipulesi wa ku Mexico wa m'mipanda, ndipo nodiflora amafanana kwambiri ndi whytei akadali aang'ono. Kusiyana kwake kumaoneka akakula: nodiflora amakhala chitsamba cha nthambi zambiri zochokera pansi ndipo akapsa amaphukiranso, pomwe whytei ndi thunthu limodzi la khungwa lochindikala, lotha kufika mamita 40, ndipo akapsa wapita. Mbande funsani ku Mulanje Mountain Conservation Trust kapena ku ofesi ya zankhalango, osazula m'phiri. Ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mbande yozula imaduka mizu n'kufa.

Mbande ikhale ya m'chubu, yotalika masentimita 20 mpaka 30. Masamba ake akakhala ngati singano musadabwe, a mamba amabwera pambuyo. Dzalani mvula itakhazikika, December kapena January, pa dothi losasunga madzi, chifukwa mizu ikakhala m'chithaphwi imawola. Mtengowu umafuna dzuwa. Kuthengo umamera m'mphepete mwa nkhalango, osati pansi pa mthunzi wandiweyani, ndiye pansi pa mango musayese. Palirani, ndipo lambulani mozungulira moto usanayambe mu July, pakuti moto umodzi umatha mbande zonse. Nsonga zikayamba kufiira, yang'anani nsabwe za Cinara cupressi, zomwe zinalowa m'Malawi mu 1986 ndipo zimayamwa madzi a nthambi.

Kunena mosabisa, ku Chitakale mtengowu ukhala mlendo wovutika. Kutentha kwa October ndi chiswe zimapha mbande zambiri, ndipo yopulumuka siidzafanana ndi ya kwawo, pa mamita 1,800 kupita m'mwamba. Dzalani iwiri kapena itatu pasukulu kuti ana audziwe mtengo wa fuko lawo, muziithirira m'chilimwe. Ngati mukufuna matabwa ndi mthunzi, mbawa ndiyo ya dothi lanu, makamaka m'mphepete mwa mtsinje. Zimatiwawa kuti mitengo ikuluikulu yobereka njere inatha ndi macheka, moti njere za whytei zasowa. Mukapeza mbande zochuluka, zikwezeni ku Chambe ndi anawo mogwirizana ndi azankhalango, mvula ikagwa.