Makina a Eli Whitney anapeputsa ntchito, nanga akapolo anachulukiranji?

Bambo ena a ku Balaka, alimi a thonje, anditumizira imelo. Akuti mwana wawo wawerenga kuti makina ochotsa njere m'thonje amene Eli Whitney anapanga ku America ndiwo anachulukitsa akapolo, ndiye akudabwa: makina si opeputsa ntchito kodi?

Bambo, yankho lili m'munda mwanu momwemo. Thonje lili ndi ntchito ziwiri zowawa, kuthyola ndi kuchotsa njere. Whitney anapeputsa yachiwiriyi basi.

Mu 1793 mnyamatayu, atangomaliza maphunziro ku sukulu ya ukachenjede ya Yale, ankakhala pa esiteti ya Mulberry Grove pafupi ndi Savannah, m'chigawo cha Georgia, kwa mayi wamasiye Catherine Greene. Thonje lomwe linkachita bwino kumtunda kumeneko linali la ulusi waufupi, njere zake zomatirira. Munthu ankatha tsiku lonse kuti ayeretse paundi imodzi yokha, pafupifupi theka la kilogalamu. Makina a Whitney anali ndi timano tawaya tokokera thonje m'timipata tating'ono, njere n'kutsalira kumbuyo, ndipo ankayeretsa mapaundi pafupifupi 50 patsiku.

Pamenepo thonje linasanduka ndalama. Mafakitale a nsalu a ku Manchester, ku England, ankalifuna mosakhuta, eni minda n'kuyamba kutsegula minda yatsopano m'zigawo za ku America za Alabama, Mississippi ndi Louisiana, malo ambiri atalandidwa kwa Amwenye a ku America, eni nthaka. Koma wothyola anali munthu ndithu, ndi manja ake, dzuwa lili pamutu. Kalembera wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000. Pofika 1860 anali atatsala pang'ono kukwana 4 miliyoni. Boma litaletsa kubweretsa akapolo kuchokera kunja mu 1808, malondawo anangotembenukira m'kati: anthu pafupifupi miliyoni imodzi anachotsedwa m'madera ngati Virginia ndi Maryland kupita kummwera, ambiri akuyenda pansi atamangidwa maunyolo, mabanja kubalalika.

Ine sindimuyesa Whitney mwini ukapolo, poti anaupeza ulipo kale. Komanso sindigwirizana ndi omwe amamusambitsa m'manja ngati sankaona amene ankagwira ntchito pa esitetipo.

Chodabwitsa n'chakuti thonjelo silinamulemeretse. Analandira chiphaso cha umwini mu 1794, koma makinawo anali osavuta kukopera, ndipo ndalama zake zambiri zinathera m'makhoti. Mu 1798 anatembenukira ku mfuti, boma n'kumupatsa kontirakiti ya mfuti 10,000 zoti apange m'zaka ziwiri. Anamaliza mu 1809! Amatchuka kuti ndiye anayambitsa kupanga zipangizo zofanana ndendende zoti n'kusinthanitsa, koma Honoré Blanc, wopanga mfuti wa ku France, anali atayamba kale.

Nkhaniyi inafikanso kuno. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuwomba nsalu zawo, ndipo ankalota kuti thonje la kuchigwachi lidzalowe m'malo mwa lolimidwa ndi akapolo ku America. Patangopita zaka ziwiri, ku America nkhondo yapachiweniweni inabuka, ndipo ukapolo unathetsedwa mu 1865.