Achimwene a ku Joni afunsa: kodi ndikulakwira dziko potumiza ndalama kuseri?

Ndalandira imelo kuchokera ku Johannesburg. Achimwene ena amene amagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina kumeneko akuti akatumiza marandi kwa mayi awo ku Dedza kudzera m'njira zovomerezeka, mayiwo amalandira ndalama yosakwana theka la imene amalandira ikadzera mwa anyamata osintha ndalama kuseri. Mnzawo wa kumpingo anawauza kuti anthu otumiza kuseri ndiwo akupha kwacha. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndikulakwira dziko langa?"

Achimwene, funso lanuli landikhudza pabala, ndiye mundipirire, ndilankhula motalika.

Ine ndili ndi chigayo. Ndicho chimadyetsa banja langa komanso mabanja a anyamata awiri amene amagaya. Tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu, mota inapsa. Amisiri anayesa kuikulunga mawaya atsopano koma sinakhalitse. Ndinafunsa mtengo wa mota yatsopano ku kampani ina ya ku South Africa komweko, ananditumizira chikalata cha mtengo, ndipo nditawerengera pa mtengo wa dola wa kubanki ndinaona kuti ndikwanitsa. Makwacha ndinali nawo, ena osunga, ena obwereka ku banki m'khonde ya mayi akunyumba. Ndinapita kubanki ndi mapepala onse. Anandilandira mwaulemu, anadinda, nkundiuza kuti ndalama zakunja zikapezeka andiimbira. Foni sinalire. Ndikapita kukafunsa, yankho linali lomwelo, kuti ndili pamndandanda ndipo ayamba athandiza oitanitsa mafuta, mankhwala ndi feteleza. Sindikanatsutsa, pakuti mankhwala ndi ofunikadi kuposa chigayo changa. Koma nthawi yonseyo azimayi ankadutsa pakhomo panga atasenza matumba kupita kuchigayo cha kutali, anyamata anga ankangokhala pakhonde, ndipo chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde chinkakwera mwezi ndi mwezi. Mmodzi mwa anyamatawo mkazi wake anali woyembekezera. Mapeto ake ndinakagula mota m'sitolo ina m'tauni, pa mtengo woposa kuwirikiza kawiri umene ndinawerengera poyamba. Nditadandaula, mwini sitolo anandiyankha kuti, "Bambo, dola la mtengo mukunenawo likupezeka kuti? Mundisonyeze, inenso ndikagule."

Mawu amenewo ndi amene ndikufuna mnzanu wa kumpingo uja awamve. Mayi anu ku Dedza akapita kukagula mafuta ophikira, sopo, malata kapena mankhwala a BP, mitengo imene amalipira yawerengedwa kale pa dola la kuseri. Mu 2025 mtengo wa dola kubanki unali cha pa K1,750, pamene kuseri dola linapitirira K4,000. Ndiye kuti mukatumiza m'njira yovomerezeka, mayi amalandira pa mtengo wotsika koma nkumagula pa mtengo wokwera. Kusiyanako kumapita m'thumba la winawake, ndipo winawakeyo si mayi anu.

Kwacha sinadwale chifukwa cha matchona. Dziko lathu limagula kunja katundu wa madola pafupifupi mabiliyoni atatu pachaka, pomwe limagulitsa wa pafupifupi biliyoni imodzi. Fodya yense amene anagulitsidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu mu 2024 anabweretsa madola pafupifupi 400 miliyoni, ndalama yosakwana ngakhale kugulira mafuta a galimoto a chaka chimodzi. Pamwamba pa dzenje lakale limeneli panagwa mavuto otsatizana. Russia italowa mu Ukraine mu February 2022, feteleza, tirigu ndi mafuta zinakwera padziko lonse, ndipo ife amene tilibe doko timawonjezerapo ndalama zonyamulira kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo chimanga chogula kunja chinafunanso madola. Kumapeto kwa chaka chomwecho zipolowe za chisankho ku Mozambique zinasokoneza matanka a mafuta pamsewu wa ku Beira. Kenako mu January 2025 Donald Trump anaimitsa thandizo la America, ndipo ambiri amaiwala kuti ndalama za USAID, bungwe la boma la America lothandiza maiko ena, kupatula kugulira mankhwala, zinali madola olowa m'mabanki athu. M'zonsezi munthu wothirira maluwa ku Joni walakwapo chiyani?

Ndikudziwa kuti ena anena kuti njira ndi kungogwetsa kwacha kuti mitengo iwiriyi ikumane. Tinayesapo. Mu May 2012 mayi Joyce Banda atangotenga boma, dola linachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola nkufika pa K1,700. Mwezi womwewo bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF linavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni, koma mgwirizanowo unatha mu May 2025 usanafike patali. Amene ankagula shuga ndi buledi mu November 2023 akukumbukira mmene mitengo inadumphira usiku umodzi, malipiro ali pomwepo. Patangopita miyezi, msika wa kuseri unathawanso kutsogolo, chifukwa boma linapitiriza kubwereka ndi kuwononga kuposa zimene limatolera, ndipo katundu wogulitsa kunja sanachuluke. Kugwetsa kwacha popanda kukonza ziwirizi kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Komabe ndikana mpaka kalekale kuti kusunga mitengo iwiri ndi kuteteza osauka. Ndi bodza limenelo. Mlimi wa fodya ku Kasungu amagulitsa mabelo ake m'madola, koma amalandira makwacha pa mtengo wa kubanki, nkukagula feteleza wokwera pa mtengo wa kuseri. Makampani ogulitsa tiyi, nandolo kapena soya kunja amakakamizidwa kupereka gawo la madola awo pa mtengo womwewo. Madola amenewo akalowa m'banki amaperekedwa kwa wina, ndipo aliyense amene wawapeza pa K1,750 pamene kuseri kuli K4,000 walemera asanatuluke ndi pakhomo pomwe. Sindikunena kuti onse owalandira ndi akuba, ambiri amaitanitsadi katundu wofunika. Koma dongosolo limene limapereka phindu lotere kwa munthu chifukwa chakuti dzina lake lili pamwamba pa mndandanda likuitana katangale, ndipo wolipira ndi mlimi, tchona ndi mwini chigayo. Mavenda a kaunjika amene anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025 ankalira nkhani yomweyi, belo la zovala litakwera mosagwirika.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti thukuta la a ku Joni lakhala likunyamula dziko lino kuyambira kale. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi. Nthawi imeneyo gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandire atabwerera kumudzi, ndipo boma linkapeza ndalama zakunja kudzera mwa iwo. Ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu April 1974 nkupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu anaimitsa ulendowo, unadzayambanso pansi pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, nkudzatheratu cha mu 1988. Nyumba yoyamba ya malata m'mudzi mwathu inali ya agogowo, ndipo fizi ya bambo anga inachokera pansi pa nthaka ya eni. Lero zidzukulu zawo zikupita pa basi kudzera ku Mwanza ndi Dedza, popanda wozisainira pangano, zikugona m'timashaki, zikuthamangitsidwa nthawi ya zipolowe zodana ndi alendo, ndipo zikatumiza kangachepe kumudzi wina nkumaziuza kuti zikupha kwacha. Ayi, mawu amenewo akanenedwe kwa ena.

Nanga mutani?

Pa mlandu wa chikumbumtima, ine sindikukuonani wolakwa. Koma kusintha ndalama kwa munthu wopanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo kuno kwathu, ndipo amene angagwidwe kapena kuberedwa ndi mayi anu, osati inu. Kuseri kulibe lisiti. Munthu akazimitsa foni ndalama zili m'manja mwake, simungapite kupolisi. Pali makwacha achinyengo, ndipo pali akuba amene amadziwa tsiku limene gogo walandira ndalama.

Ndiye chepetsani zimene zimadutsa m'kusintha. Zimene zingagulidwe kumeneko, monga zofunda, nsapato za sukulu, mapoto, foni kapena sola, gulani m'marandi ndipo mutumize ndi onyamula katundu amene anzanu akuwadziwa bwino, mutawerengera msonkho wa pachipata. Musanatumize ndalama yerekezerani makampani angapo ovomerezeka, chifukwa mitengo yawo imasiyana. Ndalama imene mukusungira nyumba kapena malo isasanduke makwacha msanga. Mabanki a kuno amatsegulira Amalawi okhala kunja akaunti ya ndalama zakunja, funsani zofunika kuti mutsegule, apo ayi isungeni m'marandi komweko mpaka tsiku logula simenti.

Ndipo makwacha akafika m'manja mwa mayi asagone pansi pa mphasa. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Fizi ya ana ilipidwe teremu isanayambe, chimanga chigulidwe nthawi yokolola, ndipo feteleza agulidwe mu August kapena September anthu asanayambe kulimbirana, matumba aikidwe pa matabwa m'chipinda chosadontha.