ECG imeneyi ndi ya ndani, msuweni?

Eee, msuweni, ndaliona funso lako. Akuti "kodi ECG imapweteka?" Funso la 11 koloko usiku, iwe amene umagona limodzi ndi nkhuku? Ati ukufunsira mnzako. Mnzako wake uti? Ndi alamu anga amenewo, usandinamize.

Siipweteka ayi. Amangokumata timawaya 10, pachifuwa 6, tinato m'manja ndi m'miyendo, kapepala koonetsa mmene mtima ukugundira n'kutuluka, basi.

Koma taima kaye. Amalume a ku Ntcheu aja... chaka cha mlandu wa mbuzi chija, ayi ndanama, chisanafike, chija anakolola kachewere wambiri. Anadzuka ati chilungulira. Kutenga soda, wophikira therere yemweyu, kusungunula m'kapu, kumwa. Anti akuti tiyeni kuchipatala, iwo ayi, ndi nyemba zadzulo. Thukuta lili kamukamu mu June, kuzizira kwa kumene kuja! Dzanja lamanzere lalemera, nsagwada zikuwawa, koma munthu akuti ndikaone kaye ng'ombe. Mukuwadziwa nonse.

Tinachita kuwanyamula mpaka ku Lilongwe. ECG yoyamba inatuluka bwinobwino, iwo chipewa kumutu, "ndimanena ine." Adokotala anati khalani pansi bambo. Anawatenga magazi kuti ayeze troponin, kapuloteni kamene kamatayikira m'magazi mnofu wa mtima ukavulala. Ndiye kameneko sikakwera pompopompo, kamatha maola awiri kapena atatu, n'chifukwa chake amakutenganso kachiwiri. Magazi achiwiriwo ndi amene anawagwira. Kenako echo, sikani yonga ya amayi oyembekezera ija, yoona mmene mtima ukupopera. Iwo ali chigonere, "adokotala, ndi wamwamuna?" Hehe, mpaka anamwino kugwira m'mimba.

Ndimati chiyani kodi... eya. Ngati alamu akumva ngati wina wawakhalira pachifuwa, usadikire kuche. Ndi shuga wawo uja, ululu utha kukhala wochepa, kungofooka, nseru, kubanika, koma mkatimu zinthu zikuonongeka. Mtsempha wa mtima ukatsekeka, mnofu wake umayamba kufa, ndipo wafawo subwerera.

Wamva? Usiku uno, osati mawa akamwa tiyi. Ndipo asayendetse okha galimoto, dzutsa mnyamata wa panyumba yoyandikana uja. Mukafika unene kuti ndi pachifuwa, asakuikeni pamzere. ECG ikatuluka bwino musathawe ngati amalume, mudikire magazi achiwiri.

Iwe, ndati nyamukani pano. Kapepalako undijambulire.