Kodi Paulo anakhala pampando chaka ndi theka?

FUNSO: Bambo, pa phunziro la Baibulo abusa athu anati mawu a Chigiriki onena kuti Paulo anakhala ku Korinto amatanthauza kukhala pampando. Ndinaseka chamumtima. Kodi ndi zoona? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, abusa anu sananame. Pa Machitidwe 18:11 pali mneni kathizo, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kukhala pansi, monga Yesu anachitira pa Mateyo 5:1 asanayambe kuphunzitsa paphiri. Aphunzitsi achiyuda ankaphunzitsa atakhala, osati chilili ngati a masiku ano.

Koma mneniyu ankatanthauzanso kukhazikika pamalo, ndiye Paulo anakhalitsa mumzindawo chaka ndi miyezi 6. Apa ife tili ndi mwayi: tikati "akukhala ku Ndirande", palibe amaganiza za mpando.

Pali mnzake, kathemai, wonena za munthu amene wakhala kale, ali phee. Kathizo ndi kuchita kukhala, mwinanso kukhazika wina. Mpake akatswiri amakangana pa Yohane 19:13: kodi Pilato anakhala yekha pampando woweruzira, kapena anakhazikapo Yesu momunyoza? Chigiriki chimalola zonse ziwiri. Ine ndimakondera yoyambayo, poti bwanamkubwa wa Chiroma kubwereketsa mpando wake kwa mkaidi n'kovuta kukhulupirira.

Mawu akuti kathedra, mpando, ndi a banja lomweli. Tchalitchi chokhala ndi mpando wa bishopu amachitcha katedralo chifukwa cha mawuwa.